Chitupa cha Sekuru Zakeyu

Temwa anapinda diresi lofiira n'kuliika pansi penipeni pa chikwama, pamwamba pake n'kusanjikiza majuzi awiri kuti Lester asalione. Linali Lachisanu m'mawa. Nyumba ya lendi ya ku Parklands, mu Cape Town, inali itadzuka kale, wina akugogoda chitseko cha kubafa mwaukali, wina akukalipira mwana amene wataya nsapato ya kusukulu. M'nyumbamo munkakhala mabanja anayi. Chipinda cha Temwa ndi mwamuna wake chinali theka la pabalaza, chotchingidwa ndi thabwa lopyapyala moti wa mbali inayo akayetsemula, iwo ankachita kufuna kumupepesa. Chaka chathunthu cha ukwati anachithera m'manong'onong'o. Kukangana kunali konong'ona, kuseka konong'ona, ndipo zinazo musafunse n'komwe.

Lamlungu ankakwanitsa chaka chikwatiranireni, ndipo Temwa anali atapeza kachipinda ku Langebaan, m'mbali mwa nyanja, koti akakhaleko masiku awiri. Koma sikuti ankathawa phokoso lokha. Lamlungu lomwelo ndi limene linali malire a chaka chimene bambo ake anapereka.

Nkhani yake inali ya mudzi. Lester anabadwira ku Highfield, mu Harare. Agogo ake aamuna, a Zakeyu, anachoka ku Malawi ali mnyamata kukafuna ntchito, n'kutchona, mpaka anamwalira osatchulira mwana aliyense mudzi umene anachokera. Lester ankadziwa kuti ndi Mmalawi, Chichewa ankayankhula ndithu ngakhale chothira Chishona, koma ukamufunsa kuti kwanu n'kuti ankangoyang'ana nsapato zake. Ku Harare anakula akumuseka kuti ndi mlendo. Atakumana ndi Amalawi ku Cape Town, nawonso anamuti mlendo.

A Luhanga, bambo ake a Temwa, atamva za mwamunayo ali kwawo ku Rumphi, anafunsa mafunso awiri okha pafoni. Mwana wanga akadzamwalira mudzakamuika kuti? Ana ake adzati kwawo n'kuti? Kwawo kwa Temwa mkazi amatsatira mwamuna mpaka kumanda, ndiye mafunsowo sanali achipongwe. Temwa atachonderera mpaka mawu kusasa, iwo analola kuti ukwati udalitsidwe kutchalitchi ku Bellville, koma anaika lamulo: Lester apeze mudzi wa agogo ake chaka chisanathe, apo ayi Temwa abwerere kumudzi. Woyang'anira lamulolo anali a Safeli, mng'ono wawo wa a Luhanga, nkhoswe ya ukwatiwo, amene ankakhala ku Imizamo Yethu.

Lester anafufuza miyezi isanu ndi umodzi n'kugwa mphwayi. Temwa mphwayi sankazidziwa. Kwa miyezi itatu tsopano ankalemberana mobisa ndi tete Viola, mlongo wa malemu bambo ake a Lester, amene anakwiya n'kusiya kuyankhula ndi Lester chifukwa anakwatira osawauza. Anawanyengerera pang'onopang'ono, lero moni, mawa kufunsa za mwendo wawo wowawa, mpaka mayiwo anatchula za thiranki ya sekuru Zakeyu, agogo aja, imene inasiyidwa kwa munthu wina ku Mufakose, mu Harare momwemo. Analonjeza kukaitsekula Loweruka. Lester sankadziwa kalikonse, chifukwa analumbira kuti sadzapemphanso kanthu kwa tete wake.

Lester analowa akuzunguza makiyi a galimoto imene anabwereka kwa mnzake. Anali wamtali, wofatsa, munthu woti akalakwa nkhope imayamba kupepesa pakamwa pasanatseguke. Temwa anaiona nkhopeyo.

"Wachita chiyani?" ananong'ona.

"Nothing serious, sha. Ndangowatsanzika adada Safeli dzulo."

"Wawatsanzika kuti chiyani?"

"Kuti tikupita ku Langebaan. Ndawatumiziranso lokeshoni ya kumene tikagone, just in case."

Temwa anakhala pabedi. "Lester, tinagwirizana kuti ulendo uno ndi wa anthu awiri. Asadziwe munthu mpaka Lolemba, sitinatero?"

"Ndi ankhoswe, Temwa. Ndingachoke bwanji ndi mwana wa eni ake osatsanzika? Akunena kale kuti ndilibe mwambo."

Ndilo vuto la munthu wophunzira mwambo atakula, amauchita mopitirira muyeso. Mnyamata wobadwira ku Rumphi akanadziwa kuti nkhoswe umaiuza za ndewu ndi za matenda, osati kumene ukukagona ndi mkazi wako. Temwa anafuna kukwiya, koma chimene chinabwera ndi chisoni, ndipo chisonicho chinamuwawa kuposa mkwiyo. Anatseka zipi ya chikwama.

"Basi, zachitika. Nyamula tizipita. Amene akufuna kundichotsa pa ukwati wanga adzandipeza komweko."

* * *

Msewu wopita ku Langebaan ndi wowongoka mpaka kutopetsa, tchire lalifupi mbali zonse, mphepo ikukankha galimoto ngati ili nayo chifukwa. Atadutsa Melkbosstrand foni ya Temwa inalira pamiyendo pake. Lester anangoponya diso kamodzi, ndipo kamodziko kanakwana kuwerenga dzina la Suzgo.

Suzgo anali transipota. Thiraki yake inkanyamula mafiriji, mabulangete ndi njinga kuchokera ku Bellville kupita ku Rumphi, ndipo pamwamba pa katunduyo ankanyamulanso nkhani za anthu, zimene ankakazitula pakhonde la a Luhanga zitanenepa kale m'njira. Anayamba kufunsira Temwa ali kusekondale. Anakanidwa katatu, koma iye akamukana ankamva ngati amuuza kuti abwerenso mawa. A Luhanga ankamukonda chifukwa mudzi wake ankauona ndi maso ataima pakhomo pawo.

Uthengawo unati: "NyaLuhanga, thiraki inyamuka Lachiwiri. Mpando wakutsogolo ndakusungira, za katundu usadandaule."

Temwa anayankha kuti: "Ikanipo firiji, ingagwe kumbuyoko." Kenako anaivundikira foni pamwendo.

"Ndani?" anafunsa Lester, ngati sanaone.

"Palibe wofunika."

"Wosafunikayo wamuyankha msanga."

"Yang'anani msewu, adalaivala."

Lester anaseka kaseko kouma. Foni inaliranso kawiri asanafike. Anali tete Viola, ndipo maulendo onse awiri Temwa anawerenga ataipendeketsera kuwindo. Ankadziwa kuti zikuoneka moipa. Anadziuza mumtima kuti kukayikiridwa tsiku limodzi sikungamuphe.

* * *

Chipindacho chinali cham'mwamba, khonde lake loyang'ana kumadzi, makoma ake a njerwa zenizeni. Temwa anawagogoda ndi chala kuti atsimikize. Mayi mwini nyumba atawapatsa kiyi n'kutsika, awiriwo anapitiriza kunong'ona kwa kanthawi ndithu asanazindikire.

"Tikunong'oneranji?" anafunsa Temwa.

Anayang'anana. Lester anakonza pakhosi ngati munthu amene wapemphedwa kutsogolera nyimbo, n'kutchula mokweza kuti, "Temwa."

"Bwereza."

"Temwa Luhanga, mkazi wanga."

Anaseka mpaka kugwera pabedi, kuseka kwa pakamwa ponse kumene chaka chonse ankakukwirira m'pilo. Temwa anali ataiwala kuti mwamuna wake akaseka kwenikweni amalira ngati pampu ya njinga. Anamukonda pa nthawi imeneyo mpaka mantha kumugwira, chifukwa munthu ukakonda chonchi umayamba kuwerenga amene angakulande.

Masana anayenda pamchenga, nsomba ndi tchipisi zili m'pepala, mbalame zikuwalondola ngati achibale amene amva kuti kuli phwando. Kenako Lester anafunsa chimene chinali pakhosi.

"Lamlungu akadzafunsa, ndidzati chiyani?"

"Lero ndi Lachisanu."

"Ndikunena serious, Temwa. Ndafunsa madala onse kutchalitchi, ndalemba m'magulu onse. Aliyense ali ndi Zakeyu wake, wina wa ku Dedza, wina wa ku Nsanje. Wanga yekha ndiye sakudziwika."

"Ndati lero ndi Lachisanu. Idya, mbalamezi zikulanda."

Pakamwa pankamuyabwa kuti aulule. Koma nanga thirankiyo ikakapezeka muli nsanza zokhazokha? Anali ataona kale kawiri nkhope ya Lester ikuwala ndi chiyembekezo kenako n'kugwa, ndipo sanafune kuti ulendo wachitatu woigwetsa akhale iye. Anamukolekera dzanja m'chiuno n'kuyamba kumuonetsa nyumba za m'mbali mwa nyanja, akusankha imene adzagule akadzalemera.

* * *

Loweruka m'mawa, Lester ali kubafa, Temwa anatuluka pakhonde n'kuika foni kukhutu. Tete Viola anali atatumiza uthenga wa mawu wonena kuti akwera kombi, ali pa ulendo wa ku Mufakose. Anaumvera kawiri chifukwa cha mphepo. Potembenuka anapeza Lester ataima pachitseko, thaulo paphewa.

"Akuti chiyani?"

"Ndani?"

"Usandiyese chitsiru, Temwa. Kuyambira dzulo ukubisa foni ngati muli njoka. Dzina la Suzgo ndinaliona."

"Suzgo ndinamuyankha zomuyenera."

"Ndionetse ndiye."

"Masana ndikuonetsa zonse. Ndikupempha maola ochepa chabe."

"Maola a chiyani? Okonza ulendo?" Mawu ake anali atakwera tsopano, ndipo aka kanali koyamba Temwa kuumva mkwiyo wa mwamuna wake wosatchingidwa ndi thabwa. "Wandibweretsa kuno kuti unditsanzike bwinobwino, ndisachite manyazi pamaso pa anthu a m'nyumba muja? Ngati wasankha thiraki, ndiuze ndili chiimire. Ine zokanidwa ndinazizolowera ndili mwana, hazvina basa, zilibe kanthu."

Mawuwo anamubaya Temwa. Miyezi itatu yonyengerera nkhalamba yokwiya, malipiro ake n'kukhala amenewa. Nayenso anakweza mawu.

"Ndikanafuna thiraki ndikanakwera kalekale. Ndinatsutsana ndi bambo anga ondibereka chifukwa cha iwe. Iwe unatopa pa miyezi isanu ndi umodzi, ine mpaka lero sindinatope. Ndiye usandiuze za kusankha."

"Foniyo."

"Ayi."

Lester anavala malaya, mabatani osalingana, n'kutuluka. Chitseko anachimenyetsa ndithu, poti chinali chitseko chopirira.

Temwa analira pang'ono, chifukwa kulirako kunalipo. Kenako anasamba kumaso, anakhala pampando foni ili pamwendo, n'kudikira. Itakwana leveni mtima unakana, ndipo anaimba.

"Muroora, usandithamangitse," anatero tete Viola akupuma mofulumira. Ndi mmene ankamutchulira Temwa masiku ano, mpongozi wawo, dzina limene mwezi woyamba ankalikana. "Thiranki taipeza, koma loko yachita dzimbiri. Mwini nyumba wapita kukabwereka nyundo."

"Pepani, tete. Kungoti tsiku lake ndi mawa."

"Ndikudziwa. Wamakani uja ali kuti?"

"Wakwiya, watuluka. Akuganiza kuti ndikulemberana ndi mwamuna."

Tete anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi bambo ake enieni ameneyo. Musiye awombedwe mphepo. Iwe usadule foni."

Temwa anamva nyundo ikulira kanayi, kenako chitsulo chikukwekwereza. Tete anayamba kutchula zimene akutulutsa: jekete lodyedwa ndi njenjete, chipewa, malamba awiri, Baibulo lopanda chikuto. Pa chinthu chilichonse mtima wa Temwa unkatsika pang'ono. Kenako kunali zii.

"Tete, mulipo?"

"Pali kapepala apa, m'kati mwa Baibulo. Maso anga akana. Dikira ndikutumizire."

Chithunzicho chinachedwa kutseguka. Chinali chitupa chakale, chachikasu, chong'ambika m'mopinda, pansi pake pali chidindo cha chala chachikulu. Dzina, Zakeyu. Bambo, Zacharia. Mudzi, Kavumbwe. Boma, Rumphi.

Mzere womalizawo Temwa anauwerenga katatu. Mudzi wa Kavumbwe anali asanaumvepo, koma Rumphi ndi yaikulu, midzi yake ndani angaimalize. Chachikulu chinali chakuti munthu amene bambo ake ankamutcha mlendo anali wa boma lawo lomwe. Anagwada pakati pa chipinda n'kuthokoza Mulungu mokweza. Atadzuka anafukula diresi lofiira lija.

* * *

Temwa anamupeza Lester atakhala pabenchi, akuonerera anthu okokedwa ndi makaiti pamadzi ngati ali nazo chidwi. Lester anayamba waona diresi, ndipo ngakhale anali wokwiya, maso anamupereka.

"Umafuna foni," anatero Temwa. "Nayi. Yamba ndi Suzgo kuti mtima ukhale pansi."

Lester anawerenga za firiji. Milomo inafuna kuseka, iye anaikaniza.

"Tsopano tsegula pamene palembedwa V."

Anatsegula. Anaona nkhope ya tete wake pakona, n'kuyang'ana Temwa modabwa. Anayamba kukweza mauthenga, a mwezi uno, a mwezi watha, moni wa m'mawa uliwonse amene poyamba sankayankhidwa. Kenako anabwerera pansi n'kufika pa chitupa. Anachikulitsa ndi zala ziwiri.

"Sekuru," anatero chapansipansi, akusisita chidindo chija ndi chala chake. "Kavumbwe. Temwa, ndiye kuti ine ndili ndi kwathu?"

"Uli ndi kwanu. Ku Rumphi komwe. Mwina udzayenda wapansi pokapereka moni kwa apongozi ako."

Lester anaphimba nkhope ndi manja n'kulira, bambo wamkulu ndithu, pabenchi, anthu akudutsa ndi agalu awo. Temwa sanamuletse. Anakhala pambali pake n'kumuika dzanja pamsana mpaka mapewa anasiya kugwedezeka.

"Ndakunenera zoipa m'mawa," anatero Lester.

"Wanena. Uchapa mbale mwezi wathunthu."

"Miyezi iwiri."

"Ndiponso uwaimbire tete lero lomwe, uwapepese."

Anaimba pomwepo. Anayankhula Chishona chokhachokha, mofulumira moti Temwa sanagwirepo kanthu, koma anamva tete akukalipa, kenako akulira, kenako akuseka, ndipo anadziwa kuti mlanduwo watha.

Anakadyera pamalo a nsalu zoyera patebulo, oti masiku ena akanangodutsa panja. Mayi woperekera zakudya atawamva akuyankhula, anawapatsa moni m'Chichewa n'kunena kuti kwawo ndi ku Nkhata Bay. Mayiyo asanafunse n'komwe, Lester anali atayankha kale.

"Ine kwathu ndi ku Rumphi, kwa Kavumbwe."

Anawatchula mosamala mawuwo, ngati munthu woyesa nsapato zatsopano. Temwa anayang'ana kumbali kuti asaonetse misozi. Anali atapambana, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chonsecho anayamba kulakalaka kuti Lamlungu lifike msanga.

* * *

Lamlungu cha m'ma teni, akumwa tiyi pakhonde, baki yoyera, kagalimoto konyamulira katundu, inaima pageti. Anatuluka Suzgo, magalasi akuda ali pamphumi, n'kuthamangira kukatsekulira chitseko a Safeli, ulemu umene sankauchita pakakhala popanda omuonerera. A Safeli anali m'suti yawo ya kutchalitchi. Anali bambo wa zaka zoyandikira makumi asanu ndi limodzi, wouma thupi, wosakonda kunena chinthu kawiri.

Temwa sanachite mantha. Anamanga chitenje, anatsika, n'kuwalandira m'kabwalo ka kuseri kumene kunali mipando pansi pa mtengo. Anagwada popereka moni.

"Mwayenda bwanji, adada?"

"Tayenda makora, mwana wane. Koma kuno n'kutali. Tchalitchi ndajomba chifukwa cha inu."

Suzgo anayang'ana maluwa, anayang'ana khonde, n'kumwetulira. "Malo abwino awa, a Lester. Oyenera kutsanzikirana ndithu."

"A Suzgo, nkhani ino ndi ya banja," anatero Temwa osamuyang'ana. "Baki yanu ili yokha panjapo."

"Musiye akhale," anatero a Safeli. "Ndi amene wandinyamula." Anatembenukira kwa Lester. "Sindinabwere ndi nkhondo. Achimwene andiimbira m'mawa uno, akuti chaka chatha lero. Inu ndinu munthu wabwino, mwana wathu simunamuzunze, zimenezo ndikachitira umboni. Koma mawu a achimwene ndi amodzi. Mudzi."

Lester anadzuka pampando, ananjuta patsogolo pawo, n'kupereka foni ndi manja awiri. "Bambo, mudzi ulipo. Ichi ndi chitupa cha sekuru anga."

Nkhope ya Suzgo inagwa. Temwa anaiona ikugwa ndipo, tinene zoona, anakondwera kwambiri.

A Safeli anatulutsa magalasi m'thumba n'kuyamba kuwerenga, milomo ikuyenda. Anafika pakati n'kuima. Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anavalanso.

"Mwachitenga kuti ichi?"

"M'thiranki ya sekuru, ku Harare," anatero Lester.

"Mukuudziwa mudziwo, adada?" anafunsa Temwa, mtima ukudumpha ndi chimwemwe.

"Ndinabadwiramo."

Temwa anatsegula pakamwa, koma a Safeli anakweza dzanja.

"Iwe sungaudziwe. Unali kumapiri uko. Boma litatisamutsa ine ndili mwana, dzinalo linatsala komweko, kumene tili panopa tinatenga dzina lina. A Zacharia awa ndi agogo anga. Anabereka ana aamuna awiri. Wamkulu ndi amene anabereka ine pamodzi ndi bambo ako. Wamng'ono anapita ku Harare ife tisanabadwe, osabweranso, osalembanso kalata. Anamulira maliro opanda mtembo. Dzina lake pakhomo silinkatchulidwa, chifukwa agogo aakazi akalimva ankadzigwetsa pansi." Anayang'anitsitsa Lester, pamphumi, m'makutu, pachibwano. "Zakeyu Luhanga."

Poyamba Temwa sanamvetse. Kenako anamvetsa, ndipo mantha anamugwira.

A Safeli anaimirira, misozi ikutsika osaipukuta. Anamudzutsa Lester n'kumukumbatira mwamphamvu. "Mwana wane. Mwana wa m'nyumba mwathu. Bambo athu anamwalira akuyang'ana kumsewu." Chimwalirireni bambo ake, Lester anali asanatchulidwepo chonchi ndi munthu wamwamuna. Anawakangamira a Safeli, nkhope ataikwirira pa phewa la suti yawo.

Temwa anadzuka pamene anagwada. Mawu ake anatuluka owongoka.

"Adada, lamulo linali mudzi. Mudzi tapeza."

"Mwapeza, mwana wane," anatero a Safeli. "Wachita chinthu chachikulu, watibwezera munthu. Koma agogo ako ndi agogo ake anayamwa bere limodzi. Kwathu ameneyu ndi mlongo wako."

"Pachibale anali agogo, si ife. Ife tinakwatirana pamaso pa Mulungu, inu mutakhala kutsogolo."

"Ndinakhala kutsogolo ndisakudziwa. Tsopano ndadziwa. Nkhaniyi yandikulira, iyenera kupita kwa achimwene."

Panalibe chifukwa choitumizira. Suzgo anali atatulutsa kale foni, akulowera kugeti mofulumira, chala chikufufuza nambala ya ku Rumphi.

Temwa anamuyang'ana akupita, ndipo mantha aja anasanduka ukali wozizira. Anafufuza yekha, ananyengerera yekha, anapempha nyundo kuti iphwanye loko. Sakanalola kuti pepala limene analifukula ndi manja ake limulande mwamuna.

"Auzeni adada kuti ine sindikwera thiraki ya munthu," anatero. "Ndabwera kuno ndi mwamuna wanga, ndibwerera ndi mwamuna wanga. Akafuna kundikana, andikane." Anapita pambali pa Lester n'kumugwira dzanja, pamaso pa nkhoswe pomwepo, chinthu chimene anali asanachitepo. "Lester, auze."

Lester anayang'ana a Safeli, amene dzanja lawo linali likadali paphewa pake. Anayang'ana Temwa.

Temwa anafinya zala zake n'kudikira kuti nazonso zimufinye. Zinali zofunda, zinali m'dzanja mwake, koma sizinagwedezeke.